ZA MAFILIMU: WONYOZEKA AKAFIKA PA BELU LOMALIZA

Mwezi uno tiyeni tikambirane za mtundu wina wa mafilimu umene wakhala ukukondedwa kwa zaka zambiri, ngakhale ndi anthu amene sanapondepo pa bwalo la nkhonya. Ndikunena mafilimu aja osimba za womenya nkhonya wosauka ndi wonyozeka, amene anthu onse anamutaya kale, koma tsiku lina apatsidwa mwai wokumana ndi ngwazi. Nkhani yake timaidziwa isanayambe. Munthuyo adzadzuka m'bandakuca, adzathamanga mumseu anzake ali m'tulo, adzamenyedwa mpaka nkhope kutupa, adzagwa, ndipo adzadzukanso. Zonsezi timazidziwa, komabe timakhala pansi ndi kupenyerera mpaka kumapeto. Amai amene salola ana kumenyana pakhomo amapukuta misozi ndi citenje. Abambo ofatsa amanyamuka pampando ndi kumaponya zibakera m'malere. Kodi cimene cimatigwira mtima cotere n'ciani?

Ine ndiganiza kuti cibakera cili ndi mbali yocepa pa nkhaniyi. Funso lalikulu la mafilimu awa ndi la ulemu wa munthu: kodi munthu amene dziko lamuyesa wacabe angadziwe bwanji kuti sali wacabe? Ndipo mukawayang'anitsitsa mudzapeza kuti abwino koposa amayankha funsoli popanda kumuveka munthuyo lamba wa ungwazi.

MUNTHU AMENE SANAPAMBANE

Tiyambe ndi Rocky, filimu ya mu 1976, imene ambiri amaiyesa yopambana zonse za mtundu uwu. Ciyambi cake ndi nkhonya zenizeni. M'mwezi wa March 1975, ku Ohio m'dziko la America, Muhammad Ali anakumana ndi Chuck Wepner, munthu amene nchito yake ya masiku onse inali yotsatsa mowa. Ali anali atangolanda lamba kwa George Foreman ku Kinshasa mu October 1974, ndipo panalibe amene anaganiza kuti Wepner angalimbe nthawi yaitali. Koma analimba mpaka raundi ya 15, ndipo lefali anaimitsa nkhonyazo kutatsala masekondi 19 okha. Sylvester Stallone, amene pa nthawiyo anali wosewera m'mafilimu wosadziwika ndi wosowa ndalama, anaona zimenezi nalemba nkhani yake m'masiku owerengeka. Eni ndalama anaikonda nkhaniyo, nafuna kuigula kuti aipereke kwa wosewera wochuka. Stallone anakana, nati ngati saseweramo iye mwini, sagulitsa. Filimuyo inajambulidwa m'masiku 28, ndi ndalama pafupifupi madola 1 miliyoni, zimene zinali zocepa kwambiri pa nchito yotere. Mu 1977 inalandira mphotho zitatu za Oscar, kuphatikizapo ya filimu yopambana ya cakaco, ndiponso ya John G. Avildsen amene anaitsogolera.

Rocky Balboa ndi munthu wa zaka 30 wa mumzinda wa Philadelphia. Cinthu coyamba cimene timaona m'filimuyo ndi cithunzi ca Ambuye Yesu pakhoma la holo yakale. Kamera imatsika pang'ono-pang'ono kucoka pa cithunzico kufika pa amuna awiri amene akumenyana pakati pa utsi wa fodya ndi matukwano a oonerera. Rocky apambana usiku umenewo, koma atacotsa zocotsa, atenga madola 40 ndi masenti pang'ono. Masana amagwira nchito yolonjerera ngongole za munthu wa kaloba. Tsiku lina bwana wake amuuza kuti akathyole cala ca wangongole wina, iye atenga ndalama zimene zilipo namusiya munthuyo ndi zala zake zonse. Kumene amaphunzira nkhonya, mphunzitsi wokalamba Mickey amulanda kabati yosungiramo zovala napatsa mnyamata wina wopatsa ciyembekezo. Ndiye kuti ngakhale kwao kwa nkhonya anamuyesa wotha nchito.

Mwai umabwera mwangozi. Amene anayenera kumenyana ndi ngwazi ya dziko lonse, Apollo Creed, wavulala dzanja, ndipo Apollo asankha Rocky cifukwa ca dzina lake lodzichulira nalo, limene lingakope anthu kugula matikiti. Kwa Apollo zonsezi ndi cionetsero. Akuluakulu anati mwamuna mnzako ndi paculu, umalinga utakwerapo. Apollo sanaumve mwambi umenewu, ndipo m'raundi yoyamba yomwe apezeka ali pansi, cinthu cimene cinali cisanamucitikirepo.

Koma mtima wa filimuyi uli pa usiku wa dzulo lake. Rocky alephera kugona, apita yekha ku bwalo lopanda anthu, aona kukula kwake, nabwerera kunyumba. Auza Adrian, mtsikana wamanyazi amene akumufunsira, kuti kumugonjetsa Apollo sangathe. Cimene akufuna n'cakuti belu lomaliza lidzamupeze ali ciimire, cifukwa palibe amene anafikapo kumapeto ndi Apollo. Akatero adzadziwa kwa nthawi yoyamba kuti si munthu wamba wotayika wa m'komboni.

Ndipo zinaterodi. M'raundi ya 14 agwa, Mickey amufuulira kuti asadzuke, koma iye agwira zingwe nadzuka. Belu la raundi ya 15 limupeza ali ciimire. Oweruza awiri mwa atatu apereka cipambano kwa Apollo. Ambiri amene anaona filimuyi kale amaiwala mfundo iyi: Rocky sapambana. Pamene akulengeza zotsatira, iye sakumvera n'komwe. Akuitana Adrian, ndipo Adrian akudzipanikiza pakati pa khamu kuti amufikire.

ZIMENE ZIMACITIKA KUNJA KWA ZINGWE

Mukawerenga mphindi, mudzaona kuti nkhonya zenizeni m'filimuyi n'zocepa. Nthawi yambiri timaona anthu osungulumwa akuyesa kulankhulana. Adrian amagulitsa m'sitolo ya ziweto, ndipo mlongo wake Paulie, cidakwa, wamunyoza mpaka iye mwini wakhulupirira kuti palibe angamufune. Mickey, wa zaka 76, atamva za mwai wa Rocky, akwera masitepe a nyumba yake kukapempha kuti akhale womuyang'anira. Rocky amukalipira, namukumbutsa zaka zonse zimene sanamuthandize. Mkuluyo atuluka wamanyazi. Kenaka timaona patali Rocky akumuthamangira mumseu, namugwira paphewa, napatsana naye dzanja. Mau amene akulankhulana sitiwamva cifukwa ca phokoso la sitima. Ndi mafilimu angati a masiku ano amene angaonetse kukhululukirana mwa njira yacete yotere?

Apa ndi pamene pali ubwino woyamba wa mafilimu awa. Amatikumbutsa kuti wonyozeka sadzuka yekha. Kumbuyo kwake kuli mkazi, mkulu wina wodziwa nchito, wansembe, kapena mnansi. Mutu umodzi susenza denga. Ngakhale kuthamanga kwa Rocky kochuka kuja, kokwera masitepe 72 a nyumba yosungiramo zithunzi ya Philadelphia, kumaoneka kawiri. Ulendo woyamba ali yekha, mumdima, ndipo afika pamwamba akupuma movutika, atagwira nthiti. Ulendo wacimwemwe uja umabwera pambuyo pake, atagwirizana ndi Mickey ndiponso atapeza munthu womukhulupirira.

MDANI AMENE SAVALA MAGOLOVESI

Ubwino waciwiri umaoneka bwino m'mafilimu akale, opanda mitundu. Mu The Set-Up, ya mu 1949, imene anatsogolera Robert Wise, Robert Ryan akusewera ngati Stoker Thompson, womenya nkhonya wa zaka 35 amene wazolowera kugonja. Manijala wake alandira ndalama kwa cigawenga ca njuga kuti Stoker agwe dala. Koma pofuna kudya ndalamazo yekha, ndiponso pokhulupirira kuti munthu wakeyo agonja ndithu, samuuza kanthu. Stoker amva za panganolo nkhonya zili pafupi kutha. Akana, amugwetsa mnyamata wa cigawengaco, ndipo atatuluka amugwirira m'kanjira kamdima namuphwanya dzanja ndi njerwa. Sadzamenyanso nkhonya. Mkazi wake Julie, amene anakana kukaonerera cifukwa cotopa kuona mwamuna wake akuvulazidwa, ndiye amene amunyamula. Filimuyi ndi yaifupi, yoposa ola limodzi pang'ono, ndipo nthawi ya m'nkhani imayenda mofanana ndi nthawi ya woonerera.

On the Waterfront, ya mu 1954, imayambira pamene nkhani ya Stoker ikanathera akanavomera. Marlon Brando akusewera ngati Terry Malloy, amene kale anagwa dala pomvera mkulu wake ndi anthu a njuga, ndipo kucokera tsikulo wakhala wotumikira zigawenga zolamulira bungwe la anchito a padoko. Amene amudzutsa cikumbumtima ndi mtsikana amene mlongo wake anaphedwa, pamodzi ndi wansembe, Bambo Barry. Wansembe ameneyu anamulemba potsanzira munthu weniweni, Bambo John Corridan wa cipani ca Ayezuiti, amene analimbana ndi katangale pa madoko a New York. Terry apereka umboni, amenyedwa koopsa, koma adzuka nayenda dzandidzandi kukalowa pa nchito anzake onse akuona. Filimuyi inalandira mphotho za Oscar 8.

Taonani kuti m'mafilimu awiriwa mdani woopsa ndi uja wovala suti, wobwera ndi emvulopu. Woponya cibakera amaoneka, ndipo ukhoza kumuzinda. Woopsa ndi amene amakuuza kuti popeza ndiwe wosauka, ulemu ndi cinthu cimene sungakwanitse, conco landira kangacepe ugone pansi. Kodi pali mphunzitsi, kalaliki, wapolisi kapena wogulitsa pamsika amene sanamvepo mau otere? N'cifukwa cake nkhani za ku America za zaka 70 zapitazo zimamveka ngati za pafupi.

BAMBO WA ANA ATATU

Cinderella Man, ya mu 2005, ndi yatsopano poyerekeza ndi zinazo, koma nkhani yake ndi yoona ndiponso yakale. James J. Braddock, Mkatolika wa ku New Jersey wa makolo ocokera ku Ireland, anali womenya nkhonya wopatsa ciyembekezo mpaka 1929. M'caka cimeneco anagonja pa nkhonya za lamba, cuma ca America cinagwa, ndipo ndalama zake zinapita. Dzanja lake lamanja linathyoka kangapo. Anayamba kuima pa cipata ca doko m'mawa uli wonse kudikira ganyu yonyamula katundu, ndipo potsiriza analembetsa pa thandizo la boma la anthu osowa, cinthu cimene cinamucititsa manyazi kwambiri.

Mu June 1934 anamuitana mwadzidzidzi kuti akakumane ndi Corn Griffin, poganiza kuti angokhala copondera ca mnyamatayo. Braddock anamugwetsa m'raundi yacitatu. Anapambananso kawiri, ndipo pa 13 June 1935 anakumana ndi ngwazi Max Baer. Ochova njuga anati mwai wake unali umodzi pa khumi. Anamenyana maraundi 15, ndipo oweruza onse anapereka lamba kwa Braddock. Atapeza ndalama, anapita kukabweza zonse zimene analandira ku ofesi ya thandizo.

Uyu ndiye anapambanadi. Komabe funsani amene anaona filimuyi cimene amakumbukira. Ambiri adzachula tsiku limene mwana wake anaba nyama m'sitolo cifukwa coopa kuti njala idzawabalalitsa, ndipo bamboyo anamuperekeza kukaibweza, namulonjeza kuti sadzamutumiza kwa acibale. Adzachulanso tsiku limene magetsi anadulidwa m'nyengo yozizira, mai anatumiza anawo kwa abale, ndipo Braddock, amene Russell Crowe akumusewera, analowa m'cipinda ca akuluakulu a nkhonya cipewa cili m'manja kukapempha makobiri kuti abweze ana ake. Ngati pali nkhonya yowawa m'filimuyi, ndi imeneyo. Abambo ambiri amene anacotsedwapo nchito amaidziwa.

PAMENE MAFILIMU AMANAMA

Tsono tisawatamande mopitirira. Rocky atabweretsa ndalama zambiri, anapanga zina zotsatira: mu 1979, 1982, 1985 ndi 1990. Mu yaciwiri muli zokoma ndithu, monga ukwati wao wa m'chalichi ndi wansembe amene amudalitsa ali pa zenera. Koma pang'ono-pang'ono munthu wamanyazi uja anasanduka cimphona ca minofu cimene sicingagonje, ndipo mu 1985 anamutumiza kukagonjetsa Soviet Union yonse ndi zibakera. Wonyozeka amene amapambana nthawi zonse salinso wonyozeka. Eni ake anazindikira zimenezi, pakuti mu Rocky Balboa ya mu 2006 ndi mu Creed ya mu 2015 anabwerera ku mapeto oyamba aja: kufika pa belu lomaliza ndi kugonja pa mapointi.

Bodza lina ndi lakuti nkhani imafuna munthu woipa. Cinderella Man imaonetsa Max Baer ngati cilombo conyadira kupha. N'zoona kuti Frankie Campbell anafa mu 1930 atamenyana ndi Baer, koma a banja la Baer anadandaula kwambiri ndi filimuyo, ponena kuti imfayo inamuvutitsa mumtima moyo wake wonse. Kuipitsa mbiri ya munthu wakufa kuti nkhani ikome si cilungamo.

Bodza lalikulu koposa ndi la thupi. M'filimu, munthu amalandira zibakera mazana kumutu, ndipo mawa lake amangokhala ndi zipsera. Pa 13 November 1982, ku Las Vegas, mnyamata wosauka wa ku South Korea, Duk Koo Kim, anamenyana ndi ngwazi Ray Mancini. Naye sanali kuyembekezeka kulimba, koma analimba. Anagwa m'raundi ya 14, raundi yomwe ija imene Rocky anagwa. Naye anagwira zingwe nadzuka. Lefali anaimitsa nkhonyazo, Kim anakomoka, ndipo patapita masiku owerengeka anamwalira ndi kuvulala kwa bongo. Imfa imeneyi itacitika, bungwe la WBC linacepetsa maraundi a nkhonya za lamba kucoka pa 15 kufika pa 12, ndipo mabungwe ena anatsatira. Mu 2005 magazini ya Ayezuiti ya ku Roma, La Civiltà Cattolica, inadzudzula kolimba nkhonya za malipiro cifukwa ca kuononga moyo wa munthu. Pamene Mickey anafuula kuti Rocky asadzuke, anali kunena zanzeru.

Ndipo filimu imatha pa belu, pamene moyo umapitirira. Acikulire pakati panu mukukumbukira November 1980, pamene Lottie Mwale, Gunduzani wathu, ngwazi ya Commonwealth, anapita ku San Diego asanagonjepo ndi kamodzi komwe, kukalimbirana lamba wa WBC. Anagwetsedwa m'raundi yacinai. Amene anamugonjetsa, Matthew Saad Muhammad, anali ndi mbiri yoposa ya m'filimu. Ali ndi zaka zisanu anatayidwa pa mseu wa Benjamin Franklin Parkway ku Philadelphia, mseu womwewo umene umakathera pa masitepe a Rocky. Masisitere amene anamusamala anamucha Matthew Franklin, dzina la woyera ndi la mseuwo. Anakula, nakhala ngwazi ya dziko lonse mu 1979, nachuka cifukwa codzuka pamene onse anati watha. Koma mu 2010 anapezeka akugona m'nyumba ya anthu osowa pokhala mumzinda womwewo, ndipo anamwalira mu 2014. Mwale anamwalira mu 2005 atadwala nthawi yaitali. Onse awiri anaomberedwa m'manja ndi zikwi za anthu. Ndi angati mwa oomba m'manjawo amene anawazonda pa matenda?

NANGA TIWAONERE BWANJI?

Kwa inu makolo, uphungu wanga ndi uwu. Mafilimu awa ndi oyenera kuwaona, ndipo amaposa ambiri a mfuti ndi kubwezera amene ana athu amaona pa mafoni. Koma muli magazi ndi mau ena osayenera ana aang'ono, ndipo mu Rocky yoyamba awiri aja ayamba kukhalira pamodzi asanakwatirane. Conco muwaonere pamodzi ndi acinyamata anu, musawasiyire okha. Cenjeraninso ndi Million Dollar Baby ya mu 2004. Imayamba ngati nkhani ya mtsikana wosauka wolimbikira, koma imathera pa mphunzitsi amene afupikitsa dala moyo wa mtsikanayo atalumala. Mapeto amenewo satsagana ndi ciphunzitso cathu pa za moyo, ndipo afunika kukambirana mofatsa ndi ana okhwima maganizo.

Filimu ikatha, musafulumire kuzimitsa nyali. Mufunseni mnyamata wanu kuti Rocky anapindula ciani popeza lamba sanamutenge. Mufunseni cifukwa cimene Stoker anakanira kugwa, ngakhale anadziwa comwe cidzamugwera. Mwina adzayamba ndi kukuuzani za mazira osaphika ndi zibakera za pa nyama yopacika, cifukwa ndi zimene zimakopa maso. Mumulole, kenaka mumubwezere ku usiku uja wa m'bwalo lopanda anthu, pamene munthu anavomera kuti sangapambane, koma m'mawa mwake anapitabe.

Kanthu ndi khama, phwiti anakwatira njiwa. Mwambiwu ndi woona, koma tonse tikudziwa aphwiti ambiri akhama amene njiwa inawakana. Alipo amene analemba mayeso kawiri osakhoza bwino, amene analima mvula n'kudula, amene anafunsira nchito zaka zisanu osayankhidwa. Filimu yongoonetsa opambana ilibe cowauza anthu otere. Rocky yoyamba, The Set-Up ndi On the Waterfront zili naco: kuti munthu amene sanagulitse cikumbumtima cake, amene sanataye a m'nyumba mwake, ndipo anafika kumapeto a nchito imene anaiyamba, ali ndi ulemu umene oweruza atatu sangamupatse kapena kumulanda.